Alamu Anga a Sakala ndi Mlendo Wopanda Mchira

Tawaika Lachiwiri alamu anga a Lazaro Sakala, tawaika ndi nyimbo, tawaika ndi fumbi kumapazi. Munthu wopyola zaka makumi asanu ndi anayi, mano akadali m'kamwa, maso akuwerengabe nambala ya minibasi, ameneyo sitimulira ngati mwana, timamuperekeza. Ine ndinaimba mpaka mawu anandithawa. Koma poimbapo diso langa linali pa akulu a mpingo. Kwathu mkulu wa mpingo akamwalira, akulu anzake ndiwo amamutulutsa m'tchalitchi pamapewa. Iwo anaima m'mbali, majekete akuda, manja kumbuyo, ngati anthu odikira sitima. Palibe anagwira bokosi.

Alamu anali mkulu wa mpingo wathu wa ku Libala zaka khumi ndi ziwiri. Anawatsitsa pa udindo chifukwa cha kanyama kamodzi kamene anakana kukatchula nyani. Akanangoti nyani, bwenzi atafera pa mpando wawo wa kutsogolo. Ndipo amene anakawaneneza ndine, mkazi wa mng'ono wawo. Ndanena ndekha poyera, pakuti ena ayamba kale kunong'ona m'makona.

Bokosi anagwira ndi Abemba. Ife a kum'mawa ndi iwo tili pa chimbuya: pa maliro athu iwo amagwira ntchito n'kumatinyoza kuti timadya mbewa, pa maliro awo ife timabwezera kuti amadya anyani, ndipo palibe wokwiya. Bana Chanda, mayi wa Chibemba amene anakhala moyandikana ndi alamu kuyambira ana awo ali kumsana, anabwera ndi ufa m'pepala, kutipaka kumaso mmodzimmodzi mpaka tonse tinayera mbuu.

"Chokaniko imwe ba kum'mawa," anatero. "Mwazolowela kunyamula mbeba chabe, munthu mungamugwetse." Kenaka anagogoda pa bokosi ndi chala. "Ba Sakala, mwaenda na nyama yanga. Ninakupemphani mwendo umozi chabe, mwendo umozi."

"Bana Chanda, uja sanali nyani wanu wa mumphika," ndinatero ine.

"Onani uyu. Manje wayamba kukamba monga ba Sakala."

Tinaseka misozi ili m'masaya. Abusa atsopano anayang'ana kumbali, pakuti nkhaniyo anaipeza, sanaione.

Alamu anali munthu wamtali, woonda ngati nsungwi, malaya oyera, kolala yowuma gwa. Anali khukhi ku Woodlands kwa mzungu wina, dokotala wa nyama. Ukakumana nawo pamsewu moni wawo sunali wa lero. Mfunda wanu ndani, kwanu n'kuti, amayi anu anabadwira mudzi uti, nanga agogo anu akuchikazi. Ukati ndine wa ku Katete, iwo ankafuna mbali ya phiri. Anthu ankawathawa ali ndi changu. Ena ankati amafufuza za anthu kuti akapereke kwa a chipani, ndipo inenso ndinaganizapo choncho, pakuti munthu wofunsa kwambiri sitimukhulupirira msanga.

Kumsika wa Kabwata amayi ogulitsa nsomba ankawadziwa. Ukawauza kuti kapenta, iwo ankatola kamodzi, kukayang'ana kumutu, kukanunkhiza, n'kukuuza kuti aka n'ka ku Siavonga, wasakaniza ndi ka ku Mpulungu, ndipo pansi pa mulu wabisa chisense cha ku Luapula. Mayi wina anawathira madzi a nsomba pa nsapato. Iwo anapukuta, nabweranso m'mawa mwake. Ankanena kawirikawiri kuti munthu wosasamala maina a zinthu tsiku lina adzamwetsa wodwala mankhwala a mnzake, ndiponso kuti chinthu usanachitche dzina uyambe wachizungulira, uone kumbuyo kwake.

Nzeru za nyama anazitola ku ntchito. Kwa dokotala kunali buku lalikulu la zithunzi, ndipo Lachisanu lililonse popukuta fumbi ankawerenga tsamba limodzi. Bukulo pambuyo pake linapezeka kwawo ku Libala. Iwo ankati anapatsidwa. Mwina anapatsidwadi.

Ndiye mkazi wawo anamwalira, ana anabalalika, wina ku Ndola, wina ku Chelstone, alamu anatsala okha m'nyumba. Inali nthawi ija ya makuponi a ufa, tikuima pa mizere kuyambira m'mawa. Sabata lina njinga yawo inasowa. Njinga imene ankaipukuta ngati mbale ya mgonero, inasowa, iwo osadandaula, osapita kupolisi, kumangoyenda pansi mpaka ku Woodlands. Ndinayamba kuwayang'ana.

Sabata lachiwiri Bana Chanda anandikokera kuseri kwa mpanda.

"Iwe, balamu bako bagula mkaka wa bana. Wa mu chitini. Nabotolo."

"Mwina ndi wa mdzukulu."

"Muzukulu uti? Nanga matewela? Bayanika mukati mwa nyumba, monga ise tilibe menso."

Eya, nkhani inayenda. Inayenda Libala yense, inakwera minibasi, inafika ku Kabwata isanafike ine. Ena ankati mkulu wa mpingo wapatsa mimba kamtsikana ka kumsika, mwana wabisa m'nyumba. Ena, otsitsa mawu, ankati ndi ndondocha, mwana wophedwa mwa matsenga n'kumusunga kuchipinda kuti abweretse chuma. Ankati n'chifukwa chake mkazi anafa msanga. Alamu ankabwera ku tchalitchi Lamulungu, kugawa mkate wa mgonero ndi manja omwewo, ndipo amayi ena ankalandira n'kuubisa mu mpango.

Ine ndinaphika chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, masana dzuwa lili pamutu, ndinati ndikawapatse alamu ndiwo. Si ndiwo zinandituma, ndi maso. Ndinafika, chitseko chokhoma, makatani otseka, alamu atapita kukaima pa mzere wa ufa. Ndinaodira, zii. Ndinaodiranso, ndipo mkati munayankha kanthu, hu hu hu, mawu a mwana koma osati a mwana. Ndinayandikira pawindo la kuchipinda. Katani inagwedezeka. Kadzanja kanatulukira m'mbali mwa nsalu, kakuda, zala zisanu, zikhadabo zosalala ngati zanga, n'kugwira galasi ndi chikhatho chonse.

Mbale ndinaisiya pomwepo. Sindikumbuka kuti mpanda ndinaudutsa bwanji. Ndinapezeka ndili kwa amayi busa, duku lili m'manja, ndikunena zimene ndaona ndi zina zimene sindinaone.

Apa ndiyambe ndanena za dzanja la alamu, pakuti ndilo linawagwetsa. Pa zaka zonse za pambuyo pake, aliyense wofunsa za nkhaniyi ankamutambasulira dzanja lamanzere, zala zitalitali zija zopsa ndi uvuni. Ankayambira ku chigongono. Ankati uku ndi kwa amichira, nyani, pusi, nchima, onse amene timawadziwa kumudzi akuba chimanga, achibale ndithu koma a mudzi wina. Kenaka ankabwera ku zala, nati iyi ndi nyumba ya opanda mchira. Kachala kakang'ono ndi orangutani, wa ubweya wofiira, wa kutali kutsidya la nyanja zazikulu. Chotsatira ndi gorila, chimphona cha m'nkhalango. Zala ziwiri zotsatira ankaziphatikiza pamodzi, nati awa ndi a bere limodzi, chimpanzi ndi bonobo, mtsinje waukulu wa Congo ndiwo unawalekanitsa, wina tsidya lino wina tsidya lija, monga Achewa a ku Katete ndi Achewa a ku Malawi. Ankati anthu a mabuku anawapatsa awiriwa mfunda umodzi, Pani, ndipo polemba amayamba ndi mfunda, dzina la mwini pambuyo, ngati pa khadi la kuchipatala. Mwana wa chimpanzi nkhope yoyererako, makutu akuluakulu. Mwana wa bonobo nkhope yakuda bii, milomo yofiira, tsitsi logawika pakati ngati kalaliki wakale. Ankati kale azungu omwe ankamuyesa bonobo chimpanzi wamng'ono chabe, mpaka wina anayang'anitsitsa chigaza, ndipo pofika pamenepa ankakondwa kwambiri, kuti ngakhale ophunzira amaphonya akachita changu.

Bonobo ameneyu ine sindinamuonepo. Ndimakayika ngati alikodi, kapena alamu anamuwonjezera kuti zala zikwane.

Ndipo chala chachikulu, choyandikana ndi ziwiri zija, ankachigwedeza pang'ono osanena kanthu, kudikira kuti wofunsayo anene yekha.

Akulu a mpingo anawaitana alamu Loweruka masana ku chipinda cha akulu, kuseri kwa guwa. Ine anandiitana ngati mboni. Tinkayesa kuti adzabwera okha kudzakana. Anabwera wapansi pakati pa msewu wa Libala, dzuwa likuwala, atabereka chinthu kumsana m'chitenje cha malemu mkazi wawo, mwamuna wa imvi atamanga mfundo pachifuwa ngati ntchembere. Anthu anasiya zochapa, anasiya makala pa mbaula, kuwatsata cha patali. Palibe anayandikira.

M'chipindamo munali abusa a nthawi imeneyo, munthu wofatsa wosakonda milandu, ndi alembi a mpingo a Tembo, amene ankasunga buku la misonkhano, ndi akulu ena asanu. A Tembo ndi alamu sankamwerana madzi kuyambira kale, chifukwa alamu ankawakonza maina a anthu akamawerenga zolengeza.

"A Sakala," anatero abusa, "tamva zambiri. Ena akuti muli ndi mwana wa kumbali. Ena akunena zimene sindingatchule m'nyumba muno. Masulani tione."

Alamu anamasula mfundo, natsitsa mtolo pa tebulo. Kanatuluka kamutu, makutu ngati zivundikiro za kapu, maso a bulauni akuyang'ana mmodzimmodzi, thewera loyera, ndi chilonda chozungulira m'chiuno chimene chinali chitayamba kupola. Mkulu wina anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati. Kenaka a Tembo anaseka, ndipo onse anaseka, kuseka kwa anthu amene mtima wabwerera m'malo.

"Ndi nyani chabe," anatero a Tembo. "Libala yense osagona tulo chifukwa cha nyani."

Abusa anafunsa kumene anamutenga. Alamu anati anamupeza ku Kamwala, m'katoni, kwa dalaivala wa thiraki yochokera ku Zaire, atamangidwa waya m'chiuno, akutsegula m'mimba, wotsala pang'ono kufa. Anati dokotala anali ku tchuthi kwawo miyezi itatu, ndiye anamusunga kudikira kuti abwere. Za njinga imene inalipira katoniyo sananene, ndipo palibe anafunsa. Anati amamutcha Mlendo, pakuti dzina la ubatizo si lake, ndipo nyumbayo si kwawo.

"Tiyamike Mulungu," anatero abusa, akupukuta thukuta. "Alembi, lembani kuti mkulu wathu anasunga nyani chifukwa cha chifundo, tamuchenjeza. Kalata ipite kwa oyang'anira nyama adzamutenge Lolemba. A Sakala asaine, tipemphere, tizipita."

Mlandu unali utatha pamenepo. Ine ndinali nditayamba kale kuimba mumtima.

"Abusa," anatero alamu, "tamutembenuzani muone kumbuyo."

"Tione chiyani?"

"Mchira."

Anamasula thewera. Panali katsitsi koyera pang'ono, basi.

"Anadula a ku Zaire," anatero a Tembo.

"Bweretsani chala, alembi, mufufuze chipsera. Musaope, saluma anthu ophunzira."

A Tembo anabisa manja pansi pa tebulo.

"Ndikukana osati chifukwa cha mwano," anatero alamu. "Mukalemba nyani, obwerawo adzabwera okonzekera nyani. Nyani wa m'komboni amamuombera, akamuchitira chifundo amamuponya m'khola la anyani. Iwo sadzamudziwa uyu. Adzamung'amba dzuwa lisanalowe. Uyu ndi chimpanzi. Kumigodi kuli famu kumene akusunga anzake otere. Mulembe dzina lake, kapena mundipatse mwezi umodzi a dokotala abwere."

Abusa anali atayamba kugwedeza mutu movomera. Koma a Tembo anaika cholembera pansi pang'onopang'ono.

"Tithandizeni, akulu, ife osawerenga mabuku a azungu. Ngati si wa kwa anyani, ndi wa kwa yani? M'bale wake ndani?"

Ine ndinaona msampha, khoma linaona msampha, alamu okha ndiwo sanauone, kapena anauona naupondabe. Funso la mtundu wa chinthu kwa iwo linali ngati ng'oma kwa wovina. Anatambasula dzanja. Chigongono, kachala kakang'ono, chotsatira, ziwiri zophatikiza. Atafika pa chala chachikulu, tsiku limenelo sanadikire wina, ananena okha. Anati ichi ndife, ndipo uyu ali pa tebuloyu ali pafupi ndi ife kuposa mmene alili ndi nyani.

Mkulu wina anaimirira, wina anatseka windo kuti a panja asamve.

"A Sakala," anatero abusa, mawu atatsika, "mukuti ife tinachokera kwa ichi?"

"Iyayi, abusa. Kodi inu munabadwa kwa msuweni wanu? Mumangogawana naye agogo."

"Mwamva," anatero a Tembo. "Agogo."

"Nanga chifaniziro cha Mulungu mwachiika pati?"

"Sindinachigwire, abusa. Za mzimu ndi za Mwini wake. Ine ndikunena za dzanja, ndi mano, ndi mchira umene palibe."

Nthawi yonseyi Mlendo anali atatsika pa tebulo. Anayenda ndi nkhonya pansi, nadza kwa ine pa benchi ya mboni. Ndinauma. Anagwira chala changa, natembenuza chikhatho changa, nayamba kutokosa kachipsera ka mafuta a vitumbuwa, modekha, milomo ikugwedezeka ngati nesi wowerenga khadi. M'chikhatho chake munali mizere ngati yanga. Sindinakondwe nazo. Mpaka lero ndimati kanthu kaja kankadziwa kuti wokaneneza ndine.

"Amake Dailesi," anandiitana abusa, "inu munaona chiyani pawindo?"

"Ndinaona dzanja la munthu, abusa."

Sindinathandize aliyense ndi mawu amenewo.

Abusa anayesa komaliza, pakuti ankawakonda alamu. Anati zimene zanenedwa m'chipinda muno zikhoza kutsala muno. A Sakala angonena kuti ndi nyani, nyama ngati nyama zina, asaine kalata, ndipo za zala tiiwale. Anawasunthira pepala ndi cholembera.

Alamu anayang'ana pepalalo. Ukulu wa mpingo sunali kanthu kakang'ono kwa iwo. Khukhi wotumidwa sabata yonse, Lamulungu ankakhala kutsogolo, aphunzitsi ndi makalaliki akumutcha akulu. Anabweza pepala ndi chala chimodzi.

"Sindingasaine bodza limene lipha mlendo wanga."

Anatola Mlendo, namubereka, namanga mfundo. Akulu anakweza manja, asanu ndi mmodzi. Abusa sanakweze, koma sanaletse. A Tembo analemba m'buku kuti Lazaro Sakala watsitsidwa chifukwa chosunga nyani ndi kuphunzitsa zosokoneza, ndipo adzabwezedwa akadzavomera pamaso pa mpingo. Kalata yopanda saini sinapite. Anangowauza kuti mwezi ukamatha chinthucho chikhale chitachoka mu Libala.

Zinanditengera zaka zambiri kuti ndiwauze. Ndinawauza chaka chatha, ali pa mpando panja akuwotha dzuwa, miyendo itatupa.

"Alamu, amene anapita kwa amayi busa ndine."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, mlamu. Mbale yanu ndikudyerabe."

"Simunandikwiyire?"

"Ndinakwiya mpaka Khirisimasi. Koma m'chipinda chija munali anthu asanu ndi anayi, ndipo woyang'ana anali inu nokha. Iwo anaphonya mkono wonse. Inu munaphonya chala chimodzi."

Ndinaseka, ndinawaombera m'manja, ndinavina pang'ono pabwalo. Koma pobwerera kunyumba ndinayamba kuganiza kuti kapena anali kundinyoza. Ndi alamu sunkadziwa.

Mwezi uja akulu anapereka kuti Mlendo achoke, Bana Chanda ankabwera pa mpanda tsiku ndi tsiku ndi mpeni ndi anyezi, kufunsa ngati ndiwo yanenepa. Alamu ankawayankha kuti akadye abale awo a michira, uyu ndi wa nyumba ina. Koma nthochi zimene Mlendo ankadya zinkachokera kwa Bana Chanda omwewo, ndipo alamu akapita ku ntchito ndiwo ankamumwetsa botolo. Ndinamva pambuyo pake kuti anadziwa zonse kuyambira sabata loyamba. Za matewera zija anandiuza dala, kuti aone mmene wa kum'mawa amathamangira. Iwo amakana. Ine sindinawakhulupirirepo.

Dokotala anabwera, analemba makalata ake, ndipo m'mawa wina vaneti inaima pa geti ndi bokosi la matabwa kumbuyo. Mlendo anakakamira khosi la alamu, analira mpaka agalu a Libala anayankha. Alamu anamasula zala zake chimodzichimodzi, namukulunga m'chitenje chija, namulowetsa. Anauza dalaivala kawiri konse kuti pa pepala palembedwa chimpanzi, asalole wina kusintha panjira. Vaneti itapita, analowa m'nyumba, natsegula makatani onse.

Anthu sanasiye. Anati wamugulitsa kwa azungu, wapata. Koma munthu wopata sanagulenso njinga mpaka kufa. Anati zinali ziwiri, chinacho chikadali kuchipinda. Amayi ena anapitiriza kukoka ana awo alamu akamadutsa. Kamodzi kokha alamu anakwera basi kupita kumigodi kukamuona, patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwerako tsiku lachitatu. Ndinawafunsa ngati Mlendo anawazindikira. Anangoti wakula, ali ndi anzake, nkhope yada monga zimakhalira akakula. Sanapitenso.

Abusa anasinthana, anayi kapena asanu. Wina wachinyamata, wophunzira kwambiri, anawayendera kunyumba, nati nkhani yakale ija ithe, abwerere pa udindo mwakachetechete, popanda kuvomera kanthu pamaso pa anthu. Alamu anawaphikira tiyi, nafunsa kuti m'buku mwalembedwa chiyani. Abusa anakaona, nabwera, nati mwalembedwa nyani. Alamu anati muyambe mwakonza m'bukumo, ine ndibwera Lamulungu lomwelo. Koma a Tembo anali atamwalira, ndipo mwana wawo ndiye anali mlembi. Nkhani inapita ku msonkhano, inabwerako. Palibe analimba mtima kudula mzere pa zolemba za munthu wakufa, mwana wake ali pomwepo akugwira cholembera. Anati angowonjezera mawu m'mphepete. Alamu anati m'mphepete ndi malo a zokayikitsa.

Ine ndinawakalipira. Ndinati alamu, Mlendo anapita, anapulumuka, akudya nthochi kumigodi, sawerenga mabuku a mpingo. Vomerani mukhale kutsogolo muone bwino abusa, makutu anu ayamba kutseka. Anati tsiku lina wina adzatsegula bukulo ife tonse titapita, ndipo adzawerenga kuti Sakala sankadziwa kusiyanitsa nyani ndi chimpanzi. Icho ndicho chinkawawawa. Za kusokoneza chiphunzitso sankazitchula n'komwe.

Ku tchalitchi sanajombe. Munthu wotsitsidwa kwathu amakhala kumbuyo, ndipo iwo anasankha benchi yomalizira, mbali ya amuna, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala matsache ndi ndowa yokolopera. Anakhala pamenepo zaka zoposa makumi atatu, malaya oyera, buku la nyimbo pa bondo, kuimba besi yawo yochedwa pang'ono kuposa ya anzawo.

Dzulo linali Lamulungu loyamba chiwaikire alamu. Tchalitchi linadzaza, anthu a maliro asanabwerere kwawo, ena anaima m'khoma, ena panja pa windo, amuna ndi amayi osasankhanso mbali. Ndinayang'ana kutsogolo. Benchi ya akulu inali yodzaza phewa ndi phewa, panalibe mpata ngakhale wa chipewa, ngati sipanachokepo munthu. Ndinatembenuka. Pa benchi yomalizira anthu anapanikizana mbali imodzi, anayi pa malo a atatu, ndipo kumapeto kwake, cha ku matsache, panatsala malo a munthu mmodzi woonda. Thabwa la pamenepo ndi losalala, lowala kuposa lonse, lolowa pang'ono pakati. Mayi wina wobereka mwana anafika mochedwa, anayang'ana malowo, anayang'ana anthu, nakaima kukhoma. Kaya ndi ulemu, kaya akuopabe, ine sindinganene. Tinaimba nyimbo zonse zinayi, dzuwa la pakhomo likuyenda pa thabwalo, ndipo palibe anakhalapo.